KODI MZIMU UMALOWA M'MAKINA?

Anzanga, ndili ndi mlandu, ndipo poti pano ndi pabwalo pamene timatulirana zakukhosi, ndati ndiutule pamaso panu kuti mundithandize kuuweruza. Mlanduwo ndinayenda nawo m'thumba kwa miyezi inayi. Ndi mawu a mlongo wa bambo anga, amene inu mungati azakhali koma ife kwathu ku Mzimba timati ankhazi. Ndinawajambula pa foni usiku wina wa mwezi wa Ogasiti akuvina vimbuza, iwo osadziwa kuti mwana wa mlongo wawo wakhala pakhomo ndi khutu lachitatu lobisika m'malaya. Funso limene landisowetsa tulo ndi ili: kodi nyimbo imene munthu amayimba polankhula ndi mizimu, kapena ndi Mulungu wake, ingatengedwe n'kuikidwa m'makina kuti ena aimve ngati luso? Nanga ikatengedwa, woyenera kuloleza ndani?

Nkhaniyi inayambira m'kalasi. Tsiku lina aphunzitsi athu a zoyimba anaika masipika anayi m'ngodya zinayi za chipinda, natiuza kuti tikokere mipando pakati, kenaka anatseka makatani. Tinamva kamnyamata kakuyimba kumbuyo kwathu. Tisanatembenuke n'komwe mawuwo anali atalumphira kutsogolo, nachuluka ngati khamu la ana, kenaka namwazika ngati mikanda yogwera pa simenti. Imeneyi inali nyimbo ya Karlheinz Stockhausen wa ku Germany, yotchedwa Gesang der Jünglinge, imene anaipanga mu 1955 ndi 1956 kunyumba ya wailesi ya mumzinda wa Cologne. Anajambula mnyamata mmodzi yekha wa zaka 12, nasakaniza mawu ake ndi kulira kwa makina amagetsi. Zoyimbazo anazitenga m'chaputala chachitatu cha Danieli, pamene anyamata atatu aja akutamanda Mulungu ali m'ng'anjo yamoto. Pa 30 Meyi 1956, tsiku loyamba kuimveketsa, anthu anakhala pakati masipika atawazinga. Olemba mbiri yake amati iye ankafuna kupeka Misa yoti imveke m'tchalitchi chachikulu cha Cologne, koma akuluakulu a mpingo anakana, ati masipika alibe malo m'nyumba ya Mulungu. Choncho funso langali sindine woyamba kulifunsa.

Aphunzitsi anatiuzanso kuti lusoli linapita patsogolo. Masiku ano woyimba amaima yekha pansanja, kompyuta n'kumawakha mawu ake akangotuluka m'kamwa, n'kumawayendetsa m'masipika ozungulira holo yonse, kwinaku zithunzi za vidiyo zikuoneka pakhoma. Ena mwa opeka nyimbo zotere amatunga pachitsime cha Ayuda. Steve Reich ndi mkazi wake Beryl Korot, mwachitsanzo, mu 1993 anaonetsa The Cave, imene zithunzi zake zimaoneka m'malo asanu nthawi imodzi, yokamba za phanga la ku Hebron mmene anaikidwa Abrahamu ndi Sara. Ena amalowa mwakuya koposa apo, m'chiphunzitso chachinsinsi cha Ayuda chotchedwa Kabbalah. Pomaliza anatipatsa ntchito: aliyense apeke nyimbo ya mphindi zisanu, ya liwu la munthu mmodzi ndi masipika anayi.

Ndinakawerenga za Kabbalah kuti ndione chimene chimakopa oyimba kumeneko, ndipo anthu awiri anandigwira mtima. Woyamba ndi Abraham Abulafia, wobadwira ku Zaragoza m'dziko la Spain mu 1240. Iyeyu ankaphunzitsa kuti wofuna kuyandikira kwa Mulungu adzipatule usiku m'chipinda cha yekha, avale zoyera, ayatse nyali, kenaka atenge zilembo za dzina la Mulungu n'kumazisinthanitsa malo, kuzilemba ndi kuzitchula, chilembo chilichonse ndi mpweya wake. Potchulapo ankayendetsanso mutu: liwu ili m'mwamba, ili pansi, ili chakumbali, ili kutsogolo ndi kumbuyo. Mwiniwake anafanizira ntchito imeneyi ndi kumvetsera nyimbo. Taonani tsono: liwu limodzi, mawu oswedwa n'kulumikizidwanso, ndi mbali zonse za chipinda. Zimene iye ankachita ndi khosi lake, amakono akuchita ndi masipika. Komatu pali kusiyana. Abulafia analibe omvera ogula matikiti, ndipo ankachenjeza kuti njirayi ndi yoopsa kwa munthu wosakonzeka.

Wachiwiri ndi Isaac Luria, amene ankaphunzitsa ku Safed, m'mapiri a Galileya, namwalira mu 1572 ali ndi zaka 38 zokha. Iye anafunsa kuti: ngati Mulungu anadzaza ponseponse, dziko linapeza kuti malo okhala? Yankho lake linali lakuti Mulungu anayamba wadzifinya, monga gogo amasendera pamphasa kuti mdzukulu akhale. Kusendera kumeneku amakutcha tzimtzum. Pamalo potsalapo anatsanulira kuwala kwake m'miphika, koma miphikayo inalephera kupirira, inasweka, ndipo timoto ta kuwalako tinagwera m'zinthu za pansi pano. Ntchito ya munthu tsono ndi kutola timototo ndi kukonza chosweka, chimene iwo amati tikkun.

Maso anali m'mabuku koma mtima unali kwathu, chifukwa nyimbo yozinga munthu mbali zonse sindinayambe kuimva m'kalasi ayi. Ndinaimva ndili mwana wa pulaimale, pa vimbuza. Kwa amene simunaonepo, vimbuza ndi nthenda komanso ndi mankhwala ake. Wodwala, kawirikawiri mayi, amakhala pakati. Amayi ndi ana amazungulira akuomba m'manja ndi kuyimba, amuna akuimba ng'oma. Guleyu anazika mizu m'zaka za m'ma 1800, m'nthawi ya nkhondo ndi kugonjetsedwa, ndipo amishoni anamuletsa koma sanathe. Bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kukhala chimodzi mwa zolowa zamtengo wapatali za anthu onse a padziko.

Ankhazi anakwatiwa kumudzi wina pakati pa Embangweni ndi Jenda. Amuna awo anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri a boma lathu. Zaka ziwiri zoyamba ndalama ndi mabulangete zinkafika, kenaka kunangoti zii. Ankhazi anatsala pamudzi wa eni, pakuti kwathu ng'ombe za lobola zikapita, mkazi ndi ana amakhala kuchimuna. Anayamba kudwala mutu, kubanika pachifuwa, kusagona, ndi kulira kopanda wowamenya. Kuchipatala anawapima osapeza kanthu. Nchimi ndiyo inati ndi vimbuza, ndipo kuyambira pamenepo nthendayo ikawafika pakhosi, amawaimbira ng'oma.

Usiku umene ndikunenawo kunali kozizira, monga kumakhalira kwathu mu Ogasiti. Anyamata anawamba ng'oma pamoto panja, nazilowetsa m'nyumba. Ankhazi anakhala pansi atafunda chitenje kumutu, miyendo atatambasula. Anayambitsa nyimbo ndi mawu aang'ono onjenjemera, amayi onse nayankha. Oimba ng'oma anayesa kaimbidwe aka, thupi la ankhazi osagwedezeka, anasintha, osagwedezekabe, atasinthanso kachitatu mapewa anayamba kunthunthumira. Ndinaona kuti woimba ng'oma yaikulu sankayang'ana ng'oma yake konse. Maso ake anali pamapazi a ankhazi: akafulumira iye ankafulumira, akafooka ankawanyamula ndi ng'oma monga munthu amagwirizira mnzake powoloka mtsinje. Ataimirira, mangenjeza akulira m'miyendo, mawu awo anasintha nakhala aakulu ngati a mwamuna, ndipo munkamveka mawu a Chingoni amene masana palibe amawalankhula pamudzipo. Akuluakulu anati afika ndi vyanusi, mizimu ya Angoni. Pamenepo ndi pamene dzanja langa linalowa m'thumba. Ndinadziuza kuti ntchito ya kusukulu ija yapezeka. Sindinafunse munthu. Kutacha ankhazi anamwa phala, naseka, nandifunsa za sukulu, ine osanena kanthu.

Nditabwerera ku koleji ndinakhala pa kompyuta masiku asanu ndikuyeretsa. Ndinachepetsa ng'oma, ndinachotsa kutsokomola, kulira kwa khanda ndi galu wouwa panja, mpaka mawu a ankhazi anatsala pafupifupi okha. Kenaka ndinawayendetsa m'ngodya zinayi zija. Ndinaitana anzanga atatu kuti amve. Woyamba anati tsitsi lamuima, sanamvepo chinthu chokongola chotero. Wachiwiri anaseka, nayamba kuyerekeza kunjenjemera kwa mapewa. Wachitatu anati ndimutumizire pa WhatsApp. Apa ndi pamene m'mimba munanditentha. Ankhazi ndi mayi wa mpingo, amavala yunifolomu, ndipo za ng'omazi zimachitika mwakachetechete. Ndinaganiza za anyamata a pa boma la Mzimba amene amaika nyimbo m'makhadi a mafoni pafupi ndi depoti. Mawuwo akanangofika kumeneko, sabata isanathe akanamveka m'minibasi, ndipo ankhazi akanaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo chifukwa cha mwana amene anamubereka kumsana.

Tsono tiyeni tiuzenge mlanduwu mwachilungamo, chifukwa ondiikira kumbuyo alipo, ndipo mfundo zawo si zopepuka.

Poyamba anganene kuti nyimbo siikhala m'nyumba imodzi mpaka kalekale. Ku Embangweni komweko, kumene Donald Fraser anatsegula mishoni ya Loudon mu 1902, anthu analimbikitsidwa kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo awo. Mawelera Tembo, Peter Thole, Charles Chinula ndi anzawo anasiya nyimbo zimene zikuyimbidwabe m'matchalitchi a kumpoto. Ngati maimbidwe a pakhola la ng'ombe analowa m'tchalitchi osafa, a vimbuza angalephere bwanji kulowa mu holo ya pa koleji? Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Chachiwiri anganene kuti chosajambulidwa chimapita ndi mwini wake kumanda. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland ndi makina ake mu 1950 ndi 1958, ndipo lero mawu a agogo athu amene anagona kale akusungidwa ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Steven Friedson anakhala pakati pa anchimi a Chitumbuka natulutsa buku la Dancing Prophets mu 1996. Popanda anthu otere tikanadziwa zochepa za ife eni. Ndipo ngakhale chiphunzitso cha Luria chija chinatuluka movuta. Iye analemba zochepa kwambiri; amene analemba ndi wophunzira wake Hayyim Vital, amene anabisa mapepalawo osalola kuti akopedwe. Mbiri imati tsiku lina Vital atadwala, munthu wina wachuma anapatsa m'bale wake ndalama, mapepalawo anatulutsidwa, ndipo alembi ambiri anawakopa m'masiku atatu. Nditawerenga zimenezi ndinachita manyazi, pakuti nanenso ndinaba mwini wake akudwala. Komabe wondiikira kumbuyo angati: ena anamva za tzimtzum kudzera m'mapepala obedwawo, ndiye kubako kunaipa pati?

Mfundo ziwirizi ndazitembenuza usiku ndi usana, ndipo ndapeza kuti zonse zikulambalala chinthu chimodzi. Tembo ndi anzake anatenga maimbidwe awoawo, ndi manja awo, masana dzuwa likuswa mtengo. Palibe amene anawatchera khutu kuseri kwa chitseko. Ndipo kunena kuti kuba kunabala zabwino sikusandutsa wakubayo kukhala mwini munda. Zabwinozo anadya ndi ena, koma amene analakwiridwa ndi Vital, ali gone pamphasa. Ife ophunzira timakonda kuwerengera phindu la anthu onse, chifukwa anthu onse alibe nkhope. Wolakwiridwa amakhala mmodzi, ndipo ali ndi nkhope ndi dzina.

Koma pali china chozama kuposa chilolezo, chimene ndinachimva tsiku lomwe lija ndili pakati pa masipika. Chimene ndinapanga chinali vimbuza yotembenuzidwa. Kumudzi, wodwala ali pakati ndipo mawu a anthu amamuzinga kuti asagwe. M'chipinda chija, ife athanzi ndi amene tinakhala pakati, mawu a wodwala n'kumatizungulira kuti tisangalale. Zimene ndinachotsa poyesa kuti ndi zinyalala, kutsokomola kuja, khanda lija, manja a amayi aja, ndizo zinali mankhwala enieni, pakuti zinkauza ankhazi kuti sali okha. Sipika siyang'ana mapazi a munthu. Ukafooka siikudikira, ukalira siisintha kaimbidwe. Ng'oma imayankha, sipika imangobwereza. Ndiye ndikafunsidwa ngati mzimu umalowa m'makina, ndingati mawu amalowa, ndipo amalowa bwino kwambiri mpaka tsitsi kuima. Koma chimene chinkachiritsa chinali pakati pa woyimba ndi omuyankha, ndipo chimenecho makina sachigwira.

Kodi tsono ndikunena kuti Stockhausen ndi onse otunga pa Kabbalah ndi akuba? Ayi. Mnyamata wa m'nyimbo ya Stockhausen uja anabwera yekha kudzayimba, akudziwa kuti akujambulidwa. Woyimba amene amaima pansanja n'kutchula zilembo monga ankachitira Abulafia akupereka mpweya wake, ndipo mantha ndi chiyembekezo zimene zili m'mawuwo ndi zake. Ngati ali woona mtima sanena kuti watibweretsera chinsinsi cha Ayuda m'thumba. Amangotionetsa khomo, natisiya panja pake tikudabwa. Luso lotere lili ndi malo ake, ndipo nane ndikufuna kuliphunzira. Cholakwa changa n'chakuti ndinapereka nsembe ya mbuzi ya mwini. Ndinafuna kuti anthu anjenjemere ndi ululu umene sindinaumve ine, n'kulembapo dzina langa pamwamba kuti ndilandire malikisi.

Apa ndi pamene fanizo la Luria linandibwerera, ngakhale ine si Myuda ndipo sindinganene kuti ndalimvetsa monga eni ake. Ngati iwo amati ngakhale Mlengi, pofuna kulenga, anayamba wasendera kuti chinthu china chipeze pokhala, nanga ine wopeka kanyimbo ka mphindi zisanu ndine yani kuti ndidzaze chipinda chonse? Kusendera kwa wopeka nyimbo ndi kusiya malo akuti mwini mawu akane. Chilolezo chimene munthu sangathe kuchikana si chilolezo. Ndipo mphika wosweka uja ndinauonanso: ndinatsanulira chinthu chotentha m'chiwiya chosayenera, ndipo chikanasweka, mapale ake akanalasa ankhazi osati ine.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tchuthi cha Disembala ndinatsika basi pa Jenda ndi kukwera njinga yamoto mpaka kumudzi. Ndinawapeza akusankha mbewu ya mtedza pakhonde. Titapatsana moni ndinakhala pansi, osati pampando umene anandipatsa, ndipo ndinaulula zonse. Tinkalankhula Chitumbuka, koma ndiika m'Chichewa.

"Ankhazi, ndinakulakwirani. Usiku uja ndinajambula mawu anu osakupemphani."

Anakhala chete nthawi yaitali manja akusankhabe mtedza. Kenaka anati, "Tandiyatsira ndimve."

Ndinawapatsa foni. Anamvetsera mpaka pamene mawu aja amasintha, naibweza msanga ngati yawaotcha.

"Nanga anthu apita kuti? Ndani akuyankha?"

"Ndinawachotsa, ankhazi, kuti mumveke bwino inu."

"Iwe mwana, munthu amasiyidwa yekha ndi amenewa? Ukufuna andiphe?" Anapukusa mutu. "Wabwera kudzapempha, wachita bwino. Koma ukupempha kwa ine chinthu chimene si changa. Akuyimba apowo si ine. Ine zimene zimachitika usiku umenewo ndimachita kuuzidwa m'mawa. Ndingakupatse bwanji mbuzi ya alendo?"

Anzanga, mabuku onse amene ndinawerenga sanandikonzekeretse yankho limeneli. Ine ndinkayesa kuti mlandu wonse ndi wa chilolezo, kuti akangoti inde ndamasuka. Iwo anandionetsa kuti pali zinthu zimene ngakhale wozinyamula sangazipereke, chifukwa amangozisunga. Kaya mumakhulupirira vyanusi kaya simukhulupirira, mfundoyi siigwa. Wokhulupirira angati mawuwo ndi a mizimu. Wosakhulupirira angati ndi mawu a munthu amene sanali mwa iye yekha, amene anavula zonse podalira kuti ozungulirawo ndi abale. Njira zonse ziwiri zikufika pamodzi: panalibe amene akanatha kundipatsa.

Ndinafufuta zonse iwo akuona, za m'foni ndi za m'kompyuta momwe. Sindinama, chala chinalemera, pakuti chinthucho chinali chokongola ndithu, ndipo mbali ina ya mtima wanga ikunenabe kuti zaka makumi asanu zikubwerazi wina adzachifuna osachipeza. Mwina amene amaganiza ngati Tracey adzandiweruza kuti ndinawononga chuma cha dziko. Mlandu umenewo ndauvomera. Ndaona kuti kuli bwino kulakwira munthu amene sanabadwe kusiyana ndi kupereka mayi amene ali moyo.

M'mawa mwake ndikumanga chikwama anandiitana kuseri kwa nyumba kumene kuli mtondo.

"Paja umati ukufuna mawu a munthu mmodzi? Yatsa kanthu kakoko. Iyi ndi yanga, ndinapeka ndekha."

Anayamba kusinja akuyimba nyimbo ya pamtondo, yonena za mwamuna amene anakwera basi n'kuiwala njira yobwerera. Pakati pake anaseka, nalakwitsa, nayambiranso. Anandilamula zinthu ziwiri: dzina lawo lisatchulidwe, ndipo anthu asamvere atapinda manja ngati ali pamaliro a mlendo, koma aziyankha.

Nyimbo imeneyi ndi imene ndidzaimveketse kumapeto kwa teremu ino. Kuseka kuja sindinachotse, ngakhale nkhuku zimene zinkalimbirana gaga. Vidiyo yake ndi ya musi ndi mtondo basi, nkhope palibe. Masipika adzakhala m'ngodya zinayi monga mwa ntchito imene tinapatsidwa, koma mipando ndidzaiika mozungulira, pakati n'kusiya popanda kanthu. M'malo atatu mawu a ankhazi adzaima, ndipo makina adzakhala chete kudikira. Amene mudzabwere, musadzaope kuomba m'manja ndi kuyankha. Mukadzakhala duu, nyimboyo idzatsala yosatha, ndipo ine ndidzakhala nditaphwanya pangano.